British values kusukulu za ana athu kuno ku England: tiziwauza zotani kunyumba?

Mai_a_Tadala
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa kuno. Mnyamata wanga ali mu Year 5 kuno ku Leicester. Wabwera ndi kalata yoti sabata yamawa yonse aphunzira za British values, ndipo mwana aliyense ajambule chithunzi chosonyeza mmene iye amazitsatira. Nditapita kukamutenga ndinaona pakhoma apachika chikhatho chachikulu chapepala, chala chilichonse atalembapo mawu ake: demokalase, malamulo, ufulu, ulemu, kulolerana. Pansi pake mbendera yawo. Ndiye ndikudzifunsa, ulemu unayamba liti kukhala wa anthu a kuno okha? Ine mwanayu ndamulera kuti azinjuta popereka chinthu kwa akuluakulu, azilandira ndi manja awiri, asamadule mawu munthu wamkulu akamalankhula. Akamauzidwa tsiku ndi tsiku kuti makhalidwe abwino ndi a British, sadzayamba kuona zakwathu ngati zachabechabe? Dzulo ndamutuma kutsuka mbale, wandiyankha kuti nayenso ali ndi ufulu wosankha. Kodi lamulo limandilola kumuchotsa m'phunziro limeneli?

Kabaza_Luton
Mayi, walira mvula walira matope. Tinabwera tokha kuno, ndege tinakwera tokha. Sukulu ndi yawo, dziko ndi lawo, adzaphunzitsa zawo basi.

NaBanda_Notts
A Kabaza, mayiwa afunsa funso lenileni, musawatseke pakamwa. Ifenso timadula msonkho kuno, tsono sukuluyo ndi yathunso.

Mphunzitsi_WM
A Mai_a_Tadala, khazikani mtima pansi ndikufotokozereni mmene ndikuzidziwira, poti ine ndimaphunzitsa pulayimale kuno ku West Midlands. Mfundo zimene boma linalemba ndi zinayi: demokalase, ulamuliro wotsata malamulo, ufulu wa munthu aliyense payekha, ndiponso kulemekezana ndi kulolerana ndi anthu a zipembedzo ndi zikhulupiriro zina. Chikhatho mwachionacho chili ndi zisanu chifukwa masukulu ambiri amagawa yomalizayo pawiri. Mawu amenewa sanayambire kusukulu ayi. Anaonekera mu 2011 m'ndondomeko ya boma yolimbana ndi uchigawenga yotchedwa Prevent. Mu 2012 analowa m'malamulo a ntchito yathu, Teachers' Standards, kuti mphunzitsi asachite chilichonse chopeputsa mfundozi. Kenako mu June 2014, itavuta nkhani ya masukulu a ku Birmingham, Michael Gove, yemwe anali nduna ya zamaphunziro, analengeza kuti kungozilemekeza sikukwanira, masukulu azizilimbikitsa. Malangizo ake anatuluka mu November chaka chomwecho, ndipo a Ofsted, bungwe la boma loona mmene masukulu akuyendera, akabwera kudzayendera sukulu amayang'ana zimenezi. N'chifukwa chake makoma adzaza zithunzi.

Pa funso lanu, kumuchotsa sikutheka, chifukwa si phunziro ngati masamu loti lili ndi ola lake. Zimalowa paliponse: pa asembule, mu history, mu PSHE (phunziro la umoyo ndi kakhalidwe ka munthu), ngakhale pabwalo la masewero. Chimene lamulo limakulolani ndi kuchotsa mwana m'phunziro la zachipembedzo, RE, komanso m'mapemphero a sukulu.

Koma ndikuuzeni zimene zimachitika m'kalasi mwanga. Kumayambiriro kwa chaka timasankha ana awiri okatiimira ku school council, komiti ya ana a sukulu. Ofuna mpando amaima kutsogolo n'kunena zimene adzachite, wina akuti adzapempha mipira yatsopano, wina akuti zimbudzi zizikhala ndi sopo. Timaboola katoni, aliyense amalemba dzina mobisa n'kuponyamo, kenako timawerenga mavoti onse akuona. Woluza amalira, ndiye phunziro lenileni limakhala pamenepo: kumupatsa moni mnzako amene wakugonjetsa. Za mbale zija, mwanayo wagwira chala chimodzi chokha. Mumufunse za chala cha malamulo, chifukwa timawaphunzitsanso kuti kunyumba kuli malamulo ndipo aliyense ali ndi ntchito yake.

Mai_a_Tadala
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Ife tinafika 2022, ndiye nkhani ya ku Birmingham mukunenayo sindikuidziwa. Kunachitika zotani?

Che_Ajusa_Bradford
Ndiyankhe ineyo, chifukwa ife Asilamu nkhaniyi inatikhudza pakhungu. Kunatuluka kalata yopanda dzina la woilemba, yonena kuti pali chiwembu cha Asilamu ena chofuna kulanda masukulu a boma ku Birmingham. Anaitcha Trojan Horse. Inafika m'manyuzipepala mu March 2014, ndipo anthu ambiri mpaka lero amakhulupirira kuti inali yopeka. A Ofsted anayendera masukulu 21, asanu n'kuwaika pa mndandanda wa masukulu olephera. Aphunzitsi ena anaimitsidwa ntchito, koma mlandu wa akuluakulu a masukuluwo unagwa mu 2017 zitadziwika kuti umboni wina sunaperekedwe kwa oimbidwa mlandu. Sindikunena kuti m'masukulu amenewo munalibe zolakwika. Ndikunena kuti mfundo zimenezi zinalowa m'sukulu kudzera pa khomo la kukayikira anthu a chipembedzo chimodzi. Kuyambira July 2015 lamulo la Prevent lija limakakamiza aphunzitsi kupereka lipoti akaona mwana amene akumuganizira kuti akukopeka ndi zauchigawenga. Taganizani ndinu kholo lachisilamu. Mwana wanga wamkazi amavala hijabu, amakhoza bwino, amakonda kutsutsana m'kalasi. Koma m'mawa uliwonse ndimapezeka ndikumuuza kuti nkhani ya Palestine ikabuka akhale chete. Sukulu ikuti ufulu wolankhula, ine bambo wake ndikuti tseka pakamwa. Zimandipweteka mumtima. Kwathu ku Mangochi ndinaphunzira sukulu ya mishoni, ndinkaimba nawo nyimbo zachikhristu, madzulo n'kupita ku madrasa, palibe amene ankandilemba m'buku.

Bambo_Nkhoma
Che Ajusa, ndamva ululu wanu ndipo sindikuupeputsa. Koma tiyeni tionenso mbali inayi. Mu 2017 ku Manchester Arena kunafa anthu 22, ena mwa iwo ana. Boma silikanangokhala manja lende. Komanso Prevent si ya Asilamu okha. Zaka zaposachedwapa malipoti okhudza achinyamata okopeka ndi magulu odana ndi obwera akhala akuposa okhudza magulu achisilamu. Mwaiwala August 2024? Anthu anaukira hotela yosungiramo othawa kwawo ku Rotherham, ena ankaimitsa magalimoto n'kumayang'ana khungu la woyendetsa. Ine sabata imeneyo ana anga sanatuluke panja. Ngati pali mphunzitsi amene akuuza mwana wa mzungu wazaka 10 kuti munthu wakuda ndi Msilamu ndi anzake, ine ndikuti apitirize, ndipo awonjezere.

Che_Ajusa_Bradford
Pa zimenezo sitikusiyana, achimwene. Aphunzitse kulolerana, ndikuvomera ndi manja awiri. Chimene ndikukana n'chakuti mphunzitsi yemweyo akhalenso kazitape. Mwana sangamasuke kwa munthu amene akumuopa.

Mdzukulu_wa_Magomero
Ine vuto langa ndi dzinalo basi, ndipo magazi amandiwira ndikaona mbendera pansi pa mawu akuti ufulu. Ufulu wake uti? Dziko lathu analitenga 1891 popanda voti ya munthu aliyense. Agogo athu ankagwira thangata m'minda ya azungu, miyezi kulima thonje ndi fodya osalandira kanthu, kuti angokhala pa nthaka ya makolo awo. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, matchalitchi a anthu a John Chilembwe ankatenthedwa. Kulolerana kwa zipembedzo kunali kuti nthawi imeneyo? Mu January 1915 Chilembwe atadzuka, tchalitchi chake cha ku Mbombwe anachiphulitsa, anthu ake ena ananyongedwa. Mu 1953 anatilowetsa m'chitaganya ndi Rhodesia tikukana. Pa 3 March 1959 asilikali anawombera anthu opanda zida ku Nkhata Bay, n'chifukwa chake tili ndi tsiku lokumbukira ofera dziko. Zonsezi mwana wa Mai_a_Tadala sadzazimva m'sabata ya British values. Adzamva za Magna Carta ya 1215, chikalata chochepetsa mphamvu za mfumu yawo, ndi za amayi amene anamenyera ufulu wovota mpaka 1918 ndi 1928. Zimenezo n'zoona, aphunzire. Koma theka linalo alibisiranji?

Kabaza_Luton
Zakale izi akulu. Mwana akufuna kukhoza mayeso a GCSE, osati thangata.

Mdzukulu_wa_Magomero
Magna Carta ndi yakale kuposa thangata, koma akuiphunzitsa.

Anganga_Glasgow
Ana anga, loleni nane ndiponyepo mawu. Choyamba, kuno ku Scotland zimenezi kulibe. Maphunziro kuno amayendetsa okha, Ofsted safika, ndipo adzukulu anga sanabwerepo ndi chikhatho chotere. Lamulo mukukambiranali ndi la ku England.

Chachiwiri, ine ndinaphunzira nthawi ya Kamuzu. Ifenso tinali ndi mfundo zinayi, ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tinkaziloweza, tinkaziimba, apayoniya ankabwera kusukulu kudzatiyendetsa perete dzuwa lili pamutu. Mawuwo pawokha sanali oipa. Ndani angadane ndi umodzi? Koma kumvera kumeneko kunkatanthauza kuti usafunse. Mayi anga anabwezedwa pa msika chifukwa analibe khadi la chipani. Aphunzitsi athu ena ankangosowa, ife osafunsa kuti apita kuti. Tinakhala choncho mpaka kalata ya maepiskopi ya mu March 1992 ndi referendamu ya pa 14 June 1993. Choncho ine ndikaona boma lililonse likulemba makhalidwe pakhoma la sukulu, mtima umagunda. Koma muyeso wanga ndi umodzi: kodi mwana angaimike dzanja n'kunena kuti aphunzitsi, ine sindikugwirizana nazo, n'kubwerera kunyumba bwinobwino? Ngati angathe, si ngodya zinayi zimenezo.

A Mdzukulu_wa_Magomero, zonse mwanenazo n'zoona, ndipo ndinakula ndikumva za Nkhata Bay kwa anthu amene anaziona. Koma muwonjezerepo ichi. Boma la Britain linatuma woweruza wawo, Patrick Devlin, kukafufuza za 1959, ndipo lipoti lake linanena poyera kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Boma lawo linachita manyazi. Mpingo wa Church of Scotland nawo unatsutsa chitaganya mokweza. M'dziko muno munali opondereza, munalinso otsutsa kuponderezako. Mwana auzidwe zonse ziwiri.

NaBanda_Notts
Zikomo anganga. Muyeso mwaperekawo ndausunga.

Mdzukulu_wa_Magomero
Ndalandira, anganga. Koma lipoti la Devlin boma lawo linakana mfundo zake zikuluzikulu, ndipo mabanja a ophedwawo sanapepesedwe ndi kanthu. Ndicho chimene ndikufuna chizinenedwanso.

Dada_wa_Atatu
Inu mukukamba mbiri, ine ndikambe za m'nyumba. Ufulu akuwaphunzitsawu wafika poti mwana ukamudzudzula amakuopseza kuti aimbira Childline, nambala yothandiza ana ozunzidwa. Mnzanga wina anangomumenya mwana pang'ono ndi lamba, mawa lake mphunzitsi waona mkwingwirima pamwendo, madzulo a social services, oona za chisamaliro cha ana, ali pakhomo. Banja lonse linazunzika miyezi. Kodi tilere bwanji ana? Ife tinakula ndi chikoti ndipo tinakhala anthu.

Sisitala_Ngozo
A Dada_wa_Atatu, apa ndilankhule mosapsatira chifukwa ndimagwira ntchito ndi mabanja. Ku Scotland kumenya mwana mwa njira iliyonse ndi mlandu kuyambira November 2020, ku Wales kuyambira March 2022. Ku England lamulo likadalolabe chilango chochepa, koma chikasiya chizindikiro, kaya kutupa, kaya bala, kaya mkwingwirima, chitetezo chimenecho chatha. Lamba, waya, mthiko, zimenezo amazitenga ngati nkhanza. Ndipo mphunzitsi akaona, alibe mwayi wosankha, ayenera kukanena kwa mkulu woona za chitetezo cha ana pasukulupo. Izi sizinabwere ndi British values, zinalipo kale. Ndaona amayi akulira m'maofesi, Chingerezi chikuwathawa ndi mantha, chifukwa cha chinthu chimene kwathu palibe akanachiona ngati nkhani. Chonde abale, lamba muike pansi. Landani foni, letsani mpira Loweruka, khalani naye pansi. Zimagwira ntchito, kungoti zimafuna nthawi, ndipo nthawiyo ndi imene mashifiti atilanda.

Dada_wa_Atatu
Mwanena zoona pa mashifiti. Ine ndimalowa usiku, mayi awo masana. Timakumana pakhomo.

Mai_Chisale_Mcr
Vuto lenileni ndi limenelo. Kwathu mwana amaleredwa ndi mudzi wonse, azakhali, amalume, agogo, ngakhale woyandikana naye nyumba. Kuno ali ndi mphunzitsi ndi foni basi. Ife ku Manchester tinayamba kusonkhanitsa ana Loweruka masana m'holo ya tchalitchi, kuwaphunzitsa Chichewa, nthano, kuphika nsima. Ufa timasonkherana. Mwana amene ankakana kulankhula ndi agogo ake pa WhatsApp pano amayamba yekha kuti muli bwanji agogo.

Kabaza_Luton
Ufa mumagula kuti? Kuno wakwera mtengo koopsa.

Mai_Chisale_Mcr
M'mashopu a amwenye, thumba lalikulu. Ndikutumizirani kumbali.

Admin_Gulu
Abale, za ufa kumbali chonde. Tibwerere ku funso la Mai_a_Tadala.

Mkulu_wa_Mpingo
Pali chinthu chimene tonse tikuchizungulira. Pansi pa mawu akuti kulolerana, ana a zaka 6 akuwerengeredwa mabuku a mabanja a abambo awiri kapena amayi awiri. Ine Baibulo langa silindilola kuvomereza zimenezo. Ndinapita kukaonana ndi ahedi mwaulemu, anandiyankha mwaulemu, koma anati mwana sangachotsedwe. Makolo a ku Birmingham anachita zionetsero pa nkhani yomweyi mu 2019, mapeto ake khoti linawaletsa kusonkhana pafupi ndi geti la sukulu ina. Ndiye ndikufunsa, kulolerana kumeneku kumafika kwa ine wokhulupirira, kapena kumathera panjira?

Mphunzitsi_WM
Akulu ampingo, funso lanu ndi lolemera ndipo ndiliyankha moona. Kuyambira September 2020 Relationships Education, yophunzitsa za maubale ndi mabanja, ndi yokakamiza m'mapulayimale onse a ku England, ndipo ahedi anakuuzani zoona, simungachotse mwana. Chimene mungamuchotse ndi phunziro la zakugonana, ngati sukulu ikuliphunzitsa kupitirira zimene zili mu science. Sukulu ikuyeneranso kukambirana ndi makolo polemba ndondomeko yake, ndipo muli ndi ufulu wopempha kuona mabuku ndi zithunzi zimene akugwiritsa ntchito. Pemphani polemba kalata. M'kalasi mwanga sindiuza mwana kuti chikhulupiriro cha makolo ake n'cholakwika, ndipo malangizo a boma sanena kuti mwana asiye chikhulupiriro chake. Chimene ndimanena n'chakuti m'dziko muno mabanja otere alipo, lamulo limawazindikira, ndipo mwana wochokera m'banja lotere sayenera kunyozedwa. Ndinakhalapo ndi mwana wotere m'kalasi, ankadya yekha pakona chifukwa anzake ankamuseka. Sindikanatha kungoyang'ana. Kunyumba ndi kutchalitchi muphunzitseni zimene mumakhulupirira, palibe angakuletseni.

Mkulu_wa_Mpingo
Kunyoza mwana wa munthu ine sindingavomereze, ndipo ana anga ndimawaletsa. Koma zaka 6 ndi zochepa, aphunzitsi. Pamenepo sindisuntha.

NaBanda_Notts
Akulu ampingo, ndikukulemekezani, koma ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Mtsikana wanga anabwezedwa kusukulu ina ya sekondale chifukwa cha tsitsi loluka, akuti silikugwirizana ndi yunifomu. Analira usiku wonse, akuti amayi ndimeteni. Ndinalemba kalata kwa ahedi. Ndinatchula Equality Act ya 2010, lamulo loletsa tsankho, ndinatchula malangizo amene bungwe la EHRC loona za ufulu wa anthu ndi kusasalana linatulutsa mu 2022 oletsa masukulu kusala ana chifukwa cha tsitsi lachifirika, kenako ndinakopera mawu a pa webusaiti yawo yomwe, pamene analemba kuti amalimbikitsa ufulu wa munthu ndi kulemekezana. Sabata isanathe anandiitana, anapepesa, ndipo lamulo la tsitsi analisintha. Lamulo limene linateteza mwana wanga ndi lomwelo limene limateteza chipembedzo chanu, hijabu ya mwana wa Che Ajusa, ndi anthu amene inu simugwirizana nawo. Silimabwera m'zidutswa kuti usankhepo. Ine n'chifukwa chake ndimati mawu ali pakhomawo tisawaope, tiwagwire, tiziwafunsa nawo eni akewo.

Mdzukulu_wa_Magomero
Kwathunso ana a chi Rasta ankabwezedwa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi mpaka khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aziloledwa. Tsankho la tsitsi tinalitengera kwa atsamunda omwewo.

Tamanda_Leeds
Pepani akuluakulu, ndilowerere ngakhale ndine mwana pagulu pano. Ine ndinabwera ndili ndi zaka 7, sukulu yonse ndaphunzira kuno, pano ndili ku yunivesite. Zimene mukukambazi ndadutsamo. Kunena zoona, zithunzi za pakhoma palibe mwana amaziwerenga. A Ofsted akatsala pang'ono kubwera, aphunzitsi ankatikumbutsa mfundo zinayi zija kuti tikafunsidwa tisachite manyazi. Chimene chinandisintha ine ndi mphunzitsi mmodzi wa history amene anandilola kulemba za Chilembwe pa ntchito yanga ya m'kalasi. Ndinaimbira agogo ku Chiradzulu, anandifotokozera zimene anamva kwa makolo awo, ndinaima kutsogolo n'kuwerenga, ndinaonetsa ndalama ya kwathu yokhala ndi nkhope yake. Anzanga achizungu sankadziwa n'komwe kuti Malawi inalamulidwapo ndi Britain. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva kuti kalasi ija ndi yanganso.

A Mai_a_Tadala, mantha anu ndikuwamvetsa, amayi anganso anali nawo. Koma chimene chimapangitsa mwana kunyoza zakwawo si phunziro la kusukulu. Ndi pamene kunyumba akungomva kuti chita, usachite, popanda womuuza chifukwa chake, pamene kusukulu chilichonse amamufotokozera. Ine ndinkadana ndi kugwada mpaka tsiku limene amayi anandikhazika pansi n'kundiuza tanthauzo lake. Pano ndimagwadira azakhali anga pakati pa siteshoni ya sitima osachita manyazi. Komanso dziwani kuti mwana wanuyo, ngakhale ataloweza mfundo zonse, tsiku lina wina adzamufunsa kuti koma kwenu kwenikweni n'kuti. Tsiku limenelo adzafuna zimene inu mwamupatsa.

Anganga_Glasgow
Mwana iwe walankhula ngati wamkulu. Amayi ako akulera bwino.

Mai_a_Tadala
Tamanda mwana wanga, wandigwetsa misozi. Ndiye pa chithunzi akufunacho, ndingamuuze ajambule zakwathu? Sadzamudula mamalikisi?

Mphunzitsi_WM
Palibe mamalikisi pa zimenezi mayi, ndipo mphunzitsi wanzeru adzasangalala. Ajambule akulandira chinthu ndi manja awiri, alembe pansi kuti umu ndi mmene timaonetsera ulemu ku Malawi. Malangizo omwewo a 2014 amafuna kuti ana azidziwa ndi kulemekeza chikhalidwe chawo ndi cha anzawo.

Loya_Wamawa
Ndiwonjezere chitsanzo china choti ana athu azinyadira. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Lilongwe anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha May 2019, chija cha Tipp-Ex. Anafika kukhoti atavala zoteteza ku zipolopolo, anawerenga chigamulo tsiku lonse, dziko lonse lili pa wailesi. Chisankho chinachitikanso pa 23 June 2020. Mu Africa monse ndi Kenya yokha imene inali itachitapo zotere, mu 2017. Chaka chomwecho cha 2020 bungwe la Chatham House la ku London linapereka mphoto yake kwa oweruza amenewa. Ndiye mwana wa Chimalawi akafunsidwa m'kalasi chitsanzo cha ulamuliro wotsata malamulo, asasowe chonena. Eni ake a kuno anavula chipewa.

Kabaza_Luton
Zonsezi n'zabwino, koma kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ambiri pano tili pa viza ya care, ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Ukayamba kulimbana ndi sukulu, mawa ukupezeka wadziwika. Ine ndimangoti mwana apite, abwere, akhoze.

Loya_Wamawa
A Kabaza, mantha amenewo ndi amene amatipweteka. Kudandaula kusukulu sikukhudza viza yanu. Sukulu iliyonse ya boma ikuyenera kukhala ndi ndondomeko yolandirira madandaulo a makolo, ndipo mudzaipeza pa webusaiti yawo. Komanso ambiri sadziwa kuti ife a Malawi, a Zambia ndi a Mozambique, poti ndife a Commonwealth, tikakhala ndi chilolezo chokhala kuno timaloledwa kulembetsa ndi kuvota, ngakhale pa chisankho cha aphungu, osadikira pasipoti yawo. Mwana akuphunzira za voti kusukulu, kholo lake lili ndi ufulu wovota koma silinalembetse. Mutengeni popita kukavota, akaone.

Mzanga_wa_Chipata
Zoona izi. Ine ndinavota mu July 2024, ndinapita ndi ana onse awiri. Musaiwale chitupa chokhala ndi chithunzi, masiku ano amafunsa.

Che_Ajusa_Bradford
Kuvota ndimavota. Koma mawu anga aja akadali pomwepo: malinga ngati Prevent ili m'kalasi, mwana wanga sadzalankhula momasuka ngati wa a Nkhoma.

Bambo_Nkhoma
Sindikutsutsani pamenepo, Che Ajusa. Kodi kusukulu kwa mwana wanu kuli kholo lachisilamu kapena lakuda pa komiti yoyendetsa sukulu? Kwathu kuno kulibe ngakhale mmodzi, chonsecho ana akuda ndi amwenye adzaza makalasi. Ndondomeko za yunifomu, za khalidwe, za mabuku akunena akulu ampingo aja, zimadutsa pa tebulo limenelo ife kulibe.

Che_Ajusa_Bradford
Alipo awiri ochokera ku Pakistan. Wa ku Africa palibe. Koma mukumbukire kuti ku Birmingham kuja amene anaimbidwa mlandu wolanda masukulu anali makolo ndi anthu a m'dera omwe analowa m'makomiti. Ena mwa ife tinaphunzirapo kukhala patali.

Dada_wa_Atatu
Nanga ife a mashifiti ausiku tingakhale bwanji pa komiti? Ndipo amalola munthu wa viza?

Mphunzitsi_WM
Che Ajusa, mantha amenewo ali ndi maziko, sindingawachotse ndi mawu. Ndingonena kuti pa komiti ya sukulu yathu pali mayi wovala hijabu amene wakhalapo zaka zingapo, ndipo ndi iye anachititsa kuti ana osala pa Ramadan azipatsidwa chipinda chopumira nthawi ya nkhomaliro m'malo mokhala mu holo anzawo akudya.

A Dada_wa_Atatu, kholo lokhala pa komiti ya sukulu, parent governor, limasankhidwa ndi makolo anzake. Mpando ukatseguka sukulu imatumiza kalata kapena imelo kwa makolo onse, mumalemba ndime yochepa yonena kuti ndinu ndani ndipo mukufuniranji, ofuna akachuluka pamakhala voti. Nthawi zambiri palibe amene amadzipereka, moti amene walemba amangolowa. Sipafunika digiri kapena pasipoti ya kuno, chofunika mukhale ndi zaka 18 kapena kuposa, mukhale ndi mwana pasukulupo, ndipo adzakupangani DBS, kufufuza mbiri yanu ya milandu, ngati ya kuntchito kwanu ija. Ndi ntchito yongodzipereka, yosalipidwa, ndipo maphunziro ake amapereka ulere. Misonkhano ikuluikulu imakhala kamodzi kapena kawiri pa teremu, kawirikawiri madzulo, masiku ake amalengezeratu chaka chikamayamba, ndiye mutha kupempha rota isanatuluke. Lamulo la ntchito la 1996 limapatsanso wogwira ntchito ufulu wopempha nthawi yokagwira ntchito ya governor pasukulu zoyendetsedwa ndi khonsolo, kungoti abwana sakakamizidwa kukulipirani maola amenewo. Ngati sukulu yanu ndi academy, yoyendetsedwa ndi bungwe lotchedwa trust osati khonsolo, funsani ku ofesi mmene komiti yawo imasankhidwira, chifukwa zimasiyana trust ndi trust.

Dada_wa_Atatu
Yathu ndi academy. Ndikafunsa Lolemba ndikamakasiya ana, ndidzakuuzani zimene andiyankhe.